Mlatho Umene Tinauona M'nyuzipepala

Magaleta, Neno
Novembala 1978

Kwa Bwana Mkonzi wa nyuzipepala ya Nyali ya Dziko,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine Gerishon Mabvuto, mlimi wa chimanga ndi manachesi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho mukhululuke pamene ndalemba mokhota. Nyuzipepala yanu timaikonda kuno. Imatipeza itakulunga usipa wochokera ku Mwanza, ndipo tisanapichirire fodya timayamba taiwerenga yonse, ndi ponona mafuta pomwe.

Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha mawu amodzi amene mwatiphunzitsa, akuti chitukuko. Ine ndinkayesa chitukuko ndi chinthu choti munthu n'kuchikhudza ndi dzanja. Umbuli, bwana.

Choyamba. Amayi athu atawakweza pa lole kukavina ku msonkhano, minda ili yosapalira, munalemba kuti amayi a ku Neno ali patsogolo pa chitukuko. Mkazi wanga Enelesi anabwerako ndi chifuwa, miyendo itatupa. Ndinamuwerengera nkhaniyo ali gone pamphasa, kuti adziwe dzina la matenda ake.

Chachiwiri. Titaumba njerwa za sukulu, nkhuni zootchera osabwera, mvula n'kuzisungunula, chinali chitukuko. Chaka chotsatira titaumbanso pamalo pomwepo, munati chitukuko chikupitirira. Apa simunaname ayi. Chaka chino taumbanso.

Chachitatu ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Mu Juni munalemba kuti mlatho wa pamtsinje wathu watha, ndipo anthu a ku Magaleta akuwoloka mosangalala ndi chitukuko chawo. Munaikapo ndi chithunzi chomwe: mlatho wa simenti, zitsulo m'mbali, njinga ikudutsa. Mudzi wonse tinatsetserekera kumtsinje, nyuzipepala ili m'manja, kukaufuna. Tinapeza mitengo iwiri ya bulugamu yomwe ija timawolokerapo, umodzi wofumbwa. A Laimoni, amene ali ndi maso akuthwa m'mudzi muno, anatsata mtsinje mpaka kumtunda, poganiza kuti mwina anatimangira mobisa. Anabwerako ndi minga basi.

Mtolankhani wanu sindikumuimba mlandu. Eti ndi munthu waulemu, wa tayi. Tikumva kuti anafika pa Mwanza, anayang'ana mapiri athu, anayang'ana nsapato zake, n'kufunsa kalaliki wina ngati ku Neno kuli chitukuko. Kodi kalaliki wofuna kukagona kunyumba kwake akanayankha kuti chiyani?

Tsono titapita ku ofesi ya boma kukapempha simenti, anatitulutsira nyuzipepala yanu, n'kutifunsa ngati tabwera kudzanena kuti nyuzipepala imanama. Ife, bwana? Tinayang'ana chithunzicho, tinavomera kuti mlatho wathu ndi wokongola, tinathokoza, tinabwerera wapansi. Anatiuza kuti simenti yotsala ipita kwa anzathu amene sanalandire.

Pali nkhani ina imene simunaimve. Januwale wapitayu madzi anakwera n'kumiza mitengo ija. Mailesi, mkazi wa a Zefaniya, matenda a uchembere atamuyamba, tinamunyamula pamachira kuti tipite naye kuchipatala ku Matandani. Tinakhala m'mbali mwa mtsinje kudikira kuti madzi aphwe. Anatisiya pomwepo, ndi mwana yemwe. Nkhani imeneyi sinatuluke m'nyuzipepala, ndipo ndikumvetsa, mawu anu aja akanasowa pokhala.

Mwana wanga Stelia ndi woyembekezera, mimba yake yoyamba. Azamba akuti ndi Januwale. Tidzayesa kumuwolotsa msanga, koma mwana ali m'mimbayo sanatiuze tsiku, mvula nayonso sinatiuze. Ndili ndi mantha, bwana.

Choncho ndikupempha modzichepetsa. Mlatho sindikupempha, ndikudziwa kuti tinalandira kale. Ndikupempha kamzere kamodzi, ngakhale patsamba lomaliza pansi pa nkhani za mpira, konena kuti ku Magaleta mlatho kulibe, kuti a ku ofesi atimvere mvula isanalimbe.

Ngati mawu otere makina anu sawadziwa, musavutike nawo. Ingobwerani nokha mu Januwale ndi galimoto lanu, mudzamutenge Stelia pakhomo pano. Pamene pali mlathowo mukupadziwa ndinu, ndiye mudzatsogole.

Ine kapolo wanu womvera,
Gerishon Mabvuto