Chiswe Changa ndi Ng'oma ya Chipani

Mukadzafika pamsika wa Maramba mudzafunse amayi akalekale za "mayi wa chiswe", mudzaona akuseka mpaka kugwira nthiti. Mayiyo ndine. Anzanga anatchuka ndi kuphika, ena ndi kwaya, ine ndinatchuka ndi chiweto chimene munthu wanzeru amachithira madzi otentha.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene ukaona mzere unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Sopo kunalibe, mafuta ophikira kunalibe, shuga tinkangomumvera mbiri. Ine ndinali ndi tebulo langa pakhomo penipeni pa msika, ndikugulitsa tinsomba ta kapenta, nyemba, ndiponso inswa nthawi ya mvula (bambo anga, amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji, ankati ngumbi, ndipo anamwalira asanavomere dzina linalo). Tebulo limenelo ndilo linkadyetsa ana anga, poti malipiro a amuna anga ankadziwa njira ya kumowa kuposa ya kunyumba. Ndipo tebulo sunkalipeza ndi nkhope yokongola ayi. Unkayenera kukhala ndi khadi la chipani, ndi kukavina akabwera akuluakulu.

Pa malonda anga onse, inswa ndizo zinkathamanga. Munthu wopanda mafuta akazigula wapulumuka, zimadzikazinga zokha. Koma mvula ikangodula, nazonso zatha. Ndiye tsiku lina ndili khale patebulo, nzeru zinandibwerera (zikanangopitirira kwa wina). Ndinati nkhuku timaweta, nkhunda timaweta, nanga chiswe chinalakwa chiyani? Ndikhale ndi chulu changachanga m'nyumba, ndizichiwaza madzi, chiziyesa kuti mvula yagwa, inswa zizituluka ngakhale m'chilimwe.

Kunjira ya ku Mukuni kunali azibambo oumba njerwa amene ankagumula chulu. Ndinapita ndi beseni, ndikuwapempha kuti akapeza manthu, mayi wa chiswe chonse, andipatse.

"Bamayo, mufuna kudya?" anafunsa wamkulu wawo. "Iyi ni mankhwala ya amuna."

"Nifuna kusunga."

"Kusunga? Monga nkhuku?"

"Monga nkhuku."

Anayang'anana, ndipo anandipatsa msangamsanga ngati mmene umapatsira wamisala chimene wapempha. Manthuyo anali m'chibuma chake, woyera, wonenepa kuposa chala chachikulu cha mwamuna, mimba yokhayokha. Sayenda, sagwira ntchito, ana ake ndiwo amamudyetsa ndi kumupukuta. Ndinamusirira, ndisaname.

Kunyumba ndinatenga theka la mgolo, ndinadzaza dothi la pachulu, ndinaikamo manthu ndi anthu ake, pamwamba n'kufunditsa chiguduli chonyowa. M'mawa uliwonse ndinkawaza madzi, n'kuthira udzu wouma ndi ndowe za ng'ombe. Ndinkalankhula nawo. Inde, ndinkawapatsa moni. Ana anga akadwala chifuwa ndinkati chitha chokha, koma dothi la mumgolo likangouma pang'ono mtima unkandiwawa.

Tsono vuto linali pobisa. Mu Maramba nyumba n'zogundana, woyandikana naye akayetsemula iwe umapukuta mphuno. Munthu akanaona mzimayi akudyetsa chulu m'nyumba, dzuwa lisanalowe ndikanakhala mfiti. Apa m'pamene ndinadziona kuti ndine wochenjera. Ng'oma za amayi a chipani zinkasungidwa kwathu, m'kachipinda kakumbuyo, chifukwa tcheya wathu, Bana Mutinta, ankati ine ndine waukhondo. Zinthu za chipani panalibe wozikhudza. Amuna anga, ngakhale aledzere chotani, akafika pa ng'omazo ankalambalala. Ndiye ndinayala thabwa pamwamba pa mgolo, ndikukhazikapo ng'oma yaikulu ija, kukamwa kwake kuloza pansi. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Nyengo yozizira yonse kunalibe mlendo wamkulu, ng'oma inangokhala. Koma ndinayamba kuona kuti udzu umene ndinkalowetsa m'mbali mwa thabwa sukudyedwa. Ndowe zili momwemo. Ndinati ziweto zanga zadwala. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndinapeza kashuga, ndipo m'malo moika mu tiyi wa ana, ndinasungunula m'madzi kukawaza mumgolo (mwana wanga wamkulu, Jelita, sanandikhululukirebe). Osadziwa kuti odwalawo anali atapeza ndiwo yabwino kumwamba.

Kutayamba kutentha, Bana Mutinta anafika m'mamawa atavala chitenje cha chipani.

"Bana Jelita, fumyani ng'oma! Ba Minisita babwera lelo kuchoka ku Lusaka. Ise ndise ba kutsogolo."

Ndinawauza adikire panja. Nditanyamula ng'oma ija kuti ndiitulutse, inapepuka ngati dengu. Kukamwa kwake kunali kotsekeka ndi dothi. Munthu wina akanaima n'kuganiza. Ine ndinangopukuta kunja ndi nsanza, mumtima ndikuti yauma bwino, ilira kwambiri lero.

Anatiimika m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, ana a sukulu uku, ife uku. Woimba ng'oma wathu anali Bana Sitali, mayi wa Chilozi wamtali, wa tchalitchi, amene povina ankangogwedeza mapewa mwaulemu. Galimoto zitatulukira, anapana ng'oma ija pakati pa ntchafu, anakweza manja, anaimenya.

Sinalire. Inangoti fwaa, ngati munthu wakhalira chitete. Mtengo wonse mkati unali utatha, kunja kutangotsala kachikhungwa. Dothi linakhuthukira m'chitenje cha Bana Sitali, pamodzi ndi chiswe, pamodzi ndi agang'a, asilikali aja a mitu yofiira amene akaluma sasiya.

Abale, mayi uja anavina. Analumpha, anadzimenya ntchafu, anazungulira, anakuwa m'Chilozi mawu amene satchulidwa m'tchalitchi. Amayi ena, poona mtsogoleri wa gule wasintha sitepe, anayamba kutsanzira. Galimoto ya Minisita inachepetsa liwiro, bamboyo anatsitsa galasi n'kuomba m'manja. Ine ndinangoti chilili, ndikuona ana anga a mumgolo aja akupondedwa ndi mapazi.

Madzulo ake anandiitanitsa kubwalo la nthambi yathu ya chipani. Bana Mutinta anakhala pampando, zidutswa za ng'oma zili pamphasa, Bana Sitali atakhala chammbali chifukwa kukhala mowongoka sikunkatheka.

"Bana Jelita, tiuzeni. Ni ndani anakutumani kuti muchititse chipani manyazi?"

"Palibe, Ba Tcheya."

"Kansi ni umfwiti. Chiswe chingadye bwanji ng'oma mu nyumba ya simenti?"

Ndinaona kuti njira zilipo zitatu: mdani wa chipani, mfiti, kapena chitsiru. Mdani ankapita kupolisi, mfiti ankaitenthera nyumba. Ndinasankha uchitsiru, poti unali wanga kale. Ndinafotokoza zonse, za beseni, za ndowe, za shuga.

"Shuga?" anakuwa Bana Sitali. "Ise timwa tiyi ya bule, yopanda shuga, iwe upatsa shuga vinthu vamene vanidya matako?"

Bwalo lonse linanyamuka kukaona. Anagubuduzira mgolo wanga pabwalo, anthu a mu Maramba atadzaza mpaka pamipanda. Anaswa chibuma, ndipo manthu uja anali momwemo, atanenepa kuposa kale. Ndinagwada.

"Ba Tcheya, uyu alibe mulandu. Nipatseni nikamubweze ku chulu."

"Uyu ni umboni," anatero Bana Mutinta, akumukulunga m'kansalu. "Apita ku ofesi."

Ofesi yake sindikuidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti podutsa kuseri kwa nyumba yawo tsiku lomwelo ndinamva fungo la chinthu chonona chikukazingidwa, ndipo amuna awo anayenda monyada sabata yonse.

Chigamulo chinali chakuti munthu wolephera kusunga ng'oma sangasunge tebulo. Tebulo langa analipereka kwa mlamu wawo wa Bana Mutinta, amene mwamwayi anali akulifuna kalekale. Ine anandilozera panja pa mpanda, pafupi ndi ngalande, kuti ndiziyala thumba pansi. Makasitomala anga ankabwerabe, koma poyamba ankafunsa ngati nyembazo ndazisunga pafupi ndi ziweto.

Mukuganiza kuti ndinaphunzira? Ndinatola dothi lotsala la mumgolo, mmene munali tichiswe tikuyendayendabe, ndinakalithira mwakachetechete pansi pa miyendo ya tebulo lija. Linali la matabwa ofewa. M'mawa uliwonse podutsa ndinkagwetserapo timadzi, n'kukakhala pathumba langa kudikira tsiku limene lidzagwe ndi tomato wa mlamu uja.

Koma chiswe chopanda mayi wake sichigwira ntchito, chimangofa. Ndinadikira pangalande paja mpaka imvi zinamera. Chipani chenichenicho chinagwa, tebulo lili chiimire.