A Nduna a Kapinga ndi Mlandu wa Galu Wanga

Pamsewu wathu galu sankakweza mwendo a Nduna osadziwa. Undunawo sunali wa boma ayi, tinangowapatsa tokha, chifukwa bambowa ankayang'anira kapinga wa pakhomo pawo ngati akulamulira dziko. Ukawafuna sunkavutika. Unkangoyang'ana kumene kwalowera galu, ndipo pambuyo pake unkaona dazi likunyezimira, kheni yodzaza madzi ili m'manja.

Ine ndine wometa tsitsi, ndipo kashopu kanga kanayang'anizana ndi geti lawo, choncho zonsezi ndinkazionera pagalasi. Anali atapuma ntchito ya ukalaliki wa kukhoti, koma khotilo linakana kupuma mwa iwo. Chiphunzitso chawo tinachiloweza mosafuna, poti ankachilalikira ngakhale lumo lili pakhosi. Ankati mkodzo wa galu ndi feteleza wopyola muyeso, umatentha pakati n'kubiriwitsa m'mbali. Ukathirapo makheni atatu galu asanakhote pakona, kapinga wapulumuka. Ukachedwa, uyenera kupala zouma zonse, kuwaza dothi losakaniza ndi mchenga, n'kubzala timitsitsi tatsopano. Popalapo ankatenga mafoloko a patebulo, moti mayi akunyumba kwawo anafika pomabisa otsalawo m'chikwama cha kutchalitchi.

Kwa iwo chigamba chilichonse chinali ndi mwini wake. Ankagwada ndi tepi ya telala, kuyeza, kununkhiza, kenako n'kukalemba chisamani. Chisamanicho unkachipeza pansi pa geti, dzina la galu lili pamwamba, lako lili pansi ngati mboni. Abusa anachilandirapo kawiri. Atapita kukadandaula kuti galu wawo ndi woleredwa bwino, a Nduna anawayankha kuti paliponse ana a abusa ndi amene amavuta.

Njira zopewera anaziyesa zonse. Wina anawanamiza kuti agalu amadana ndi tsabola, iwo n'kuwaza paketi yathunthu tsiku la mphepo. Anayetsemula masiku atatu, agalu ali bwinobwino. Kenako anakhoma chikwangwani choletsa agalu, chachifupi chongofika m'bondo. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyang'ana ngati ndine wopepera.

"Mukufuna awerenge atakwera makwerero?"

Pasanathe sabata, chikwangwanicho chinasanduka pokumanira agalu onse aamuna, mpaka ochokera misewu ina.

Koma wopalamula wamkulu anali wanga, Bulangete, galu wamkazi wokalamba amene ankagona pansi pa mpando wometera. Aamuna amangodontheza apa ndi apo, pomwe wamkazi amanyonyomala n'kutsitsa zonse pamodzi, ndipo Bulangete anakonda pakati penipeni pa kapinga wa a Nduna. Galuyu anandisiyira ndi malemu mkazi wanga. M'nyumba monse ndiye yekha amene ankadzuka ndikamalowa.

Zisamani zitakwana zisanu ndi ziwiri, a Nduna anaitanitsa msonkhano wa msewu wonse. Anabwera ndi fayilo, mapu a kapinga okhala ndi timitanda tofiira, ndi chigamba chimodzi chouma m'mbale ngati umboni. Anthu amene ndawameta zaka makumi awiri anakweza manja mmodzimmodzi, maso ali pansi, aliyense akuthokoza mumtima kuti si galu wake. Abusa anakweza onse awiri. Anagamula kuti pofika Loweruka Bulangete achoke, akakhale kwa mchimwene wanga kutali. Ndikanakana, koma wometa sakangana ndi mitu ya msewu wonse. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo kunena zoona, sabata imeneyo ena ndinawameta mokhota dala.

Loweruka m'mawa mchimwene wanga anafika ndi galimoto. A Nduna anabwera atamanga tayi, kudzaonetsetsa kuti chigamulo chatsatidwa. Bulangete, amene za malamulo sankazidziwa, anayenda pang'onopang'ono n'kukagona pa nsapato zawo, chibwano chili paphazi. A Nduna anayesa kusuntha mwendo, galu osasuntha. Anaima choncho nthawi yaitali, fayilo ili m'khwapa.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikulemba anthu akutengedwa," anatero osandiyang'ana. "Ndinkangoona pepala. Palibe anabwerapo kudzagona pa nsapato yanga."

Mchimwene wanga anafunsa ngati azimitse injini.

"Zimitsani. Khoti laganizira msinkhu wa wopalamula. Agwira ukaidi wakunja, ndipo woyang'anira ndine."

Sankaseka ayi. Kumapeto kwa mpanda wawo anakonza kamalo ka timiyala, ndipo m'mawa uliwonse ankagogoda pashopu kuti abwera kudzatenga mkaidi. Ankamuperekeza, kudikira atatembenuka msana mwaulemu, kutsukapo ndi kheni, n'kumubweza ndi lipoti la khalidwe lake. Nthawi zina mkaidi ankabwera pakamwa pakunyezimira mafuta, woyang'anira akuti sakudziwapo kanthu. Zinayenda choncho zaka zitatu. Agalu ena sanawapumitse, ndipo abusa analandira chisamani chachitatu.

A Nduna anatisiya miyezi iwiri yapitayo, atangodwala masiku ochepa. Bulangete anawatsatira pasanathe mwezi. Pamsewu pano agalu akuchita mwaufulu, palibe woyeza, palibe wolemba, ndipo ufulu wake ndi wosakoma. Makasitomala amakhala pampando phee, palibe wowaphunzitsa zomwe sanafunse. Ine ndimangopezeka lumo lili m'mwamba, ndikuyang'ana geti lotseka lija. Ndimawasowa, ngakhale anandizenga mlandu pamaso pa anthu.

Kapinga atatalika, mayi akunyumba kwa a Nduna anandipempha kuti ndikamete, ati kumeta ndi kumeta basi. Kutsogolo kunalibe banga n'limodzi lomwe. Nditazungulira kuseri kwa nyumba, kumene sindinafikeko chikhalire, ndinaima. Zigamba zachikasu zinali mbwee, kuyambira pakhomo la khitchini mpaka pa waya woyanikapo zovala.

Mayiwo anandipeza ndili chiimire. Anandiuza kuti chaka chomaliza timiyala tija tinkamupweteka Bulangete mapazi, ndiye bambo ankamulowetsa kuseri kuno pofewa. Nayo kheni inali itayamba kuwalemera, moti ankangokhala pampando n'kumaonerera kapinga wawo akupsa. Bambowo anawalumbiritsa mayiwo kuti asauze munthu, makamaka abusa.

Ndinati mawa ndibwera ndi mchenga ndi timitsitsi, poti njira yake ndikuidziwa pamtima.

"Metani kutsogoloko, aneba," anatero mayiwo. "Kuno kusiyeni. Kapingayo adzatseka yekha, ndipo ine sindikufulumira."