Kuseketsa Bambo Sato Nditagwada

Lolemba
Bambo Sato, nkhalamba ya ku Japan yomwe timaisamalira panyumba ya okalamba kuno ku Walsall, ku England, sanasekepo chimwalirireni akazi awo. Chakudya akungolawa. Zikundiwawa. Mwana wawo akuti kwawo ankakonda rakugo: munthu mmodzi kugwada pakhushoni, n'kumafotokoza nkhani yoseketsa. Kugwada basi? Ine wa ku Dedza, wogwadira apongozi zaka khumi? Ndauza manejala kuti Loweruka ndiwaseketsa ndekha.

Lachiwiri
Ndikuonera pafoni. Mayo ine! Munthuyo sadzuka ngakhale pang'ono. Mphindi makumi awiri, matako ali pazidendene. Akayang'ana kumanja ndi munthu wina, kumanzere winanso. Zida zake: chokupizira mphepo ndi kansalu. Zanga: handikachifi, ndi chokupizira chomwe anatigawira paukwati ku West Bromwich.

Lachitatu
Kuyeserera. Mphindi zinayi zokha, miyendo dzanzi. Kodi apongozi ndinkawagwadira bwanji? Ndakumbuka: kupereka madzi, kudzuka, kumapita.

Lachinayi
Nkhani yanga ndi ya kondakitala, mayi wina ndi mbuzi m'minibasi. Koma munthu ungafotokoze za mbuzi utakhala pansi? Ndadzuka katatu kuithamangitsa. Amuna anga: “Amake Tadala, mwaimiriranso.” Tadala: “Mum, is this a punishment?”

Lachisanu
Ndaiyesa m'Chingerezi. Mbuzi ija sikuseketsanso. Mnzanga wa ku Zambia: “Sisi, ingokanselani.” Koma Bambo Sato abwezanso mbale yodzaza. Sindingasiye.

Loweruka
Okalamba onse ali m'chipinda chochezera. Ndagwada, ndayamba. Ziii. Agogo ena akufunsa ngati ndikupemphera. Bambo Sato akuyang'ana pazenera. Ndamaliza, ndawerama mwaulemu. Ndikuti ndidzuke, miyendo kulibe! Lamulo la pantchito sililola kunyamula munthu ndi manja, ndiye anzanga akubwera ndi makina onyamulira odwala. Ine nesi wathunthu ndikulendewera m'mwamba ngati thumba la chimanga, chokupizira chili m'manja. Kenaka phokoso lachilendo pakona. Bambo Sato akuseka mpaka misozi, akumenya patebulo.

Lamulungu
Mawondo atupa. Manyazi sanathe. Uthenga wa manejala: Bambo Sato dzulo anamaliza mbale yonse, n'kupempha ina. Akufuna ndizichita Loweruka lililonse. Nkhani ya mbuzi akuti ndingoisiya, ndiziyambira pa makina pomwepo.

Ndavomera. Bola azidya.