Sabata ya Tameriki

Lolemba
Lero a Ngozo, amuna anga, anditchula "Esinati". Esinati ndi mlongo wawo, adamwalira kalekale. Mwezi uno ndi kachinayi. Ndikuopa tsiku limene adzandifunse kuti ndine yani.
Mwana wathu Rozi wanditumizira nkhani pafoni: madzi a mijigo ina ali ndi mchere wotchedwa fuloraidi, umadetsa mano, mwina umawononganso bongo, ndipo akuti tameriki, ufa wachikasu wokometsera ndiwo, amateteza. Dzulo kwaya ikuimba ndinawerenga: pakamwa 19, pa mano ofiirira 11.
Dongosolo: a Ngozo supuni imodzi ya tameriki, katatu patsiku. Zoiwala zonse kulembedwa. Zaka 34 za uphunzitsi zisapite pachabe.

Lachiwiri
Tameriki m'phala, m'tiyi, m'kachewere.
"Amayi, tiyi ameneyu akudwala?" andifunsa a Ngozo.
Zoiwala: chipewa, ndodo, kutseka khola. Zitatu.

Lachitatu
Zasanduka zachikasu: masupuni 4, mbale 3, nsalu ya patebulo, manja anga onse awiri. Sopo wakanika. Ndimu wakanikanso.
Zoiwala: chimodzi chokha. Zikutheka!

Lachinayi
Bulauzi yanga yoyera ya kuchigwirizano ili ndi zala zisanu pachifuwa. Ndapita nayo choncho. Amayi 7 andifunsa, 2 aseka asanafunse.
Pobwera ndapeza galu wathu ali ndi mlomo wachikasu. Ndiye phala la masiku atatu lapita kwa iye.
A Ngozo akuti: "Nayenso amaiwala, amayi. Dzulo wauwa abusa."
Zotsatira za dzulo ndazikhwacha.

Lachisanu
Lero ndaimirira pambali mpaka ameze. Alawa kachewere. Akuti ndi fungo la ndiwo za Lamulungu ku komponi ya mgodi, ku Joni. Atchula anzawo 16 a m'chipinda chimodzi, aliyense ndi mudzi wake, wina wa ku Kandeu ndi chala chake choduka. Maola atatu. Ndamvetsera, sindinalembe kanthu.
Pomaliza: "Esinati, tandipatseni madzi."
Kachisanu.
Zoiwala zawo: ziwiri. Zanga: nyemba pamoto, magalasi, magalasi kachiwiri, supuni ya masana. Zinayi.

Loweruka
Rozi waimba. "Amayi, mwaiwerenga mpaka kumapeto? Adayesa pa makoswe, osati pa anthu. Nanga mjigo wathuwo adauyeza ndani? Ndibwera Lachiwiri, ababa tipite nawo kuchipatala."
Makoswe! Ndawerenganso. Zilidi pa ndime yachitatu. Ine amene ndinkakalipira ana oyankha asanamalize funso.
Tameriki watsala theka la botolo. Ndamuika kuseri kwa mchere.

Lamulungu
Kuiwala sikunathe, ndipo mjigo sindikudziwa ngati uli ndi mlandu. Chimene chatsimikizika sabata ino n'chakuti galu amakonda phala.
Potuluka m'tchalitchi, m'chikhamu muja, a Ngozo asokonezeka. Ndawaona ataima pakhomo, akuyang'ana nkhope imodziimodzi, yanga aidutsa. Kenaka ayang'ana pansi, pa manja. Abwera molunjika, andigwira dzanja.
"Wa manja achikasu ndiye wanga," auza mkulu wa mpingo. Dzina sananene. Sindinawafunse.
Kuchipatala tipita Lachiwiri. Botolo ndalitulutsanso kuseri kwa mchere. Supuni yakumwa ndasiya, koma ndiwo za Lamulungu zizikhala za ku Joni, ndipo tameriki ndizithira ndi manja. Ndawerengera: akwana masabata 9.