Mipando Sikisite ya a Hajati

Nkhani iyi mkazi wanga amaifotokoza moonjezera, ndiye bola ndidziyalutse ndekha.

Ntchito yanga ndi yoika maeyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, pa Mangochi pano. Usanasankhe makina umayamba wawerengera kutentha kwa m'chipinda: dzuwa la padenga, mawindo, komanso anthu. Munthu ndi mbaula, abale. Wongokhala phee amatentha ngati babu lakale lija la mawati handiredi, wovina ndiye katatu kapena kuposa.

A Hajati ena ogulitsa nsomba anamanga holo, ndipo mwambo woyamba kuchitikiramo unali ukwati wa mwana wawo. Anandilonjeza kuti m'holomo mukazizira bwino, loji yawo ya ku Chembe idzakhalanso ntchito yanga. Nditawafunsa kuti mudzalowa anthu angati, anangoti Allah ndiye akudziwa. Ine ndi kasukulu kangaka ndinaseka chamumtima n'kuwerenga mipando. Sikisite. Ndinaika makina a anthu sikisite okhala mwaulemu, manja pamiyendo.

Tsikulo ndinavala jekete, kupita kukalandira ulemu wanga. Ndikufika, mipando yonse ili panja pansi pa mtengo wa mango, pakhala azibambo! M'holo ayalamo mikeka, azimayi athinana ngati usipa m'dengu, ana kumsana, ena pamiyendo. A ku Katuli anabwera pa lole, a ku Lungwena pa njinga, wokhala ndi khadi la ukwati panalibe ndi mmodzi yemwe. Mapoto a pilawu, nthunzi ili tolotolo, nawonso analowa momwemo. Kenako khamu lonselo linadzuka kuyamba kuvina.

Ndinapsa mtima zedi. Ndinaima pakhomo kuti ndiletse ena kulowa, mayi wina n'kundifunsa ngati ndine amene ndinabereka mkwatibwi. Makina anga ankangolira akudontha madzi. Mkwatibwi nayenso ankadontha, zodzola zonse zikutsikira m'khosi.

"Achimwene a eyakoni, chitanipo kanthu, mwana akomoka!" anakuwa mayi wina m'holomo.

Ndinang'amba katoni yomwe munabwera makinawo. Poti mwamuna sakhala pakati pa azimayi, ndinazungulira panja, n'kupisa mikono pawindo kumukupiza mkwatibwi. Ola lathunthu, dzuwa la Mangochi lili pamsana, jekete litanyoweratu.

A Hajati podutsa anaima pang'ono kuti kamphepoko kawapeze.

"Iyi ndiye ikugwira ntchito," anatero akudzipukuta. "Koma ku Chembe musavutike kubwera, makatoni tili nawo."

Kwathu kuno osawerenga mipando, werenga nsapato zovulidwa pakhomo.