Waya wa Kwaya ya Lusungu

Lolemba

Uthenga wa mwana wanga Lusungu kuchokera ku Mzuzu: Lamulungu masana kwaya yawo iyimba pa wailesi, ndipo nyimbo yachiwiri akutsogolera ndi iyeyo! Ndiyenera kumumva. Koma kuno ku Katowo siteshoni imeneyo imangoti fwaaa, mapiri atitchinga. Ndimanga eriyo yokokera mafunde. Sayansi ndinaphunzitsa mpaka kupuma pantchito, ingandikanike?

Masamu ake: liwiro la mafunde a wailesi, mamita 300,000,000 pa sekondi, kugawa ndi nambala ya siteshoni, 100,000. Funde limodzi ndi mamita 3,000. Eriyo ndi theka lake. Waya wa kilomita ndi theka! Mayo ine!

Lachiwiri

Khomo ndi khomo kupempha waya. Ndapeza:
wa khola la mbuzi la a Chavula, mkulu wa mpingo
woyanikira zovala, pafupifupi mudzi wonse
waminga (ndaubweza, wandibaya)

Aliyense akufunsa nthawi ya kwaya. A Chavula akuti, "Yewo chomene aphunzitsi, tibwera tonse." Ndawaitana ndani? Mayi a Lusungu aitanitsa kale shuga wa alendo ku Bolero.

Lachitatu

Ndapukuta fumbi pa wailesi, ndavala magalasi. Kalanga ine! Nambala ija ndi mamiliyoni 100, si masauzande! Funde ndi mamita atatu basi. Eriyo, mita ndi theka. Pabwalo pali mulu wa waya wofika m'chiuno, anthu akuyanika zovala paudzu, mbuzi za a Chavula zili m'dimba la abusa. Manyazi andigwira. Sindiuza munthu.

Lachinayi

Ndadula mita ndi theka, ndamangirira kunsungwi, ndakweza padenga. Fwaaa.

Mayi a Lusungu atulukira ndi beseni: "Pamulu wonsewo mwasankha kudula wanga?" Chakudya cha masana chachedwa kwambiri.

Lachisanu

Mphepo! Nsungwi yagwa, yaboola lata pamwamba penipeni pa bedi. Ndawerengeranso masamu, ali bwinobwino. Mafunde okha ndiwo sakufuna kutsika kuno.

Loweruka

Zatheka! Ndalumikiza waya wa anthu uja kuchokera pa wailesi mpaka pachulu cha kutsogolo kwa nyumba. Ndikaima pamwamba, waya m'manja, mkono m'mwamba, nkhope kuloza ku Bolero, mayi a Lusungu akukuwa ali pakhonde: "Yagwira!" Ndikaimika nsungwi payokha, fwaaa. Ndikatsitsa mkono, fwaaa. Wailesi siingakwere nane, imadya batire la sola lomangirira m'nyumba.

Ndapempha a Chavula adzagwire mawa. "Ayi dada, zimenezo n'za odziwa masamu, munanena nokha." Ndinanenadi. Mudzi wonse unamva.

Lamulungu

Khonde ladzaza, ena akhala pansi. Ine pachulu, jekete la kutchalitchi, mkono m'mwamba. Nyerere zikukwera m'buluku, sindingagwedezeke. Ndikungomva mphepo.

Kenako nthungululu. Ndikuona mayi a Lusungu aimirira, agwira pachifuwa, akupukuta misozi ndi chitenje. Ndiye kuti wayamba. Ndatsitsa mkono pang'ono kuti nditchere khutu, khonde lonse lakuwa: "Kwezani, aphunzitsi!" Ndakweza.

Akuti anaimba ngati mngelo. A Chavula ayesa kundiimbira momwe inamvekera, ndawapempha asiye. Madzulo Lusungu watumiza uthenga: "Adada, mwandimva?" Ndayankha ndi dzanja lamanzere, lamanja silikupindika: "Mudzi wonse wakumva, mwanangu."