A Mwaswera ndi Apongozi a ku Kampani

Munthu akakuuzani kuti wakutiwakuti amakonda kupereka moni, mungomuseka, chifukwa sanawaone a Mwaswera. Bambo amene uja ankapatsa moni chilichonse: munthu, galu, chitseko, ngakhale jenereta. Dzina lawo lenileni linkangokhala pa chiphaso. Pakampani yathu ya mafoni, kuyambira mlonda mpaka bwana wamkulu, aliyense ankangoti a Mwaswera, poti kaya ndi m'mamawa, kaya mwakumana nawo kachisanu tsiku lomwelo, mawu awo oyamba anali omwewo: "Mwaswera bwanji kuno?"

Ine ndinali dalaivala wawo. Iwo ankakonza nsanja za netiweki, zitsulo zazitali zija mumaziona pamwamba pa zitunda, ine yanga inali kuwafikitsa pamalo ndi kuwagwirira chingwe pansi. Tikafika, m'malo motsegula bokosi la zida, iwo ankavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba.

"Mwaswera bwanji, mayi? Mphepo ija sinakuvuteni?"

Kenako ankatembenukira kwa jenereta. "Nanga inu achimwene, chifuwa chija chikuti bwanji?"

"Madala," ndinkatero ine, "dera lonseli lilibe netiweki, inu mukufunsa jenereta za chifuwa?"

"Iwe, munthu sungayambe kumupisa m'mimba usanamulonjere. Ndi mwano umenewo."

Jenereta ikatsokomola utsi, ankandiyang'ana mondimvera chisoni. "Wamva? Akuti sanagone."

Zinthu zinatembenuka chaka chimene kampani inagula makina oganiza okha. Anatisonkhanitsa tonse m'chipinda cha misonkhano, ndipo bwana wa zaumisiri, munthu wa tayi yopyapyala ngati lamba wa wotchi, anaimirira kutsogolo.

"Kuyambira lero," anatero, "netiweki yathu iziyendetsedwa ndi Eyi-Ayi."

Dzanja la a Mwaswera linali kale m'mwamba. "Mwaswera bwanji, bwana?"

"Ndaswera bwino, madala. Funso lanu?"

"Kunyumba onse ali bwino?"

"Ali bwino. Funso."

"Mwati Eya-Ayi. Ndiye ife tigwire ziti? Eya kapena ayi?"

Anthu atamaliza kuseka, bwana anafotokoza kuti makinawo aziona vuto lisanachitike, azikankhira netiweki kumene kwachuluka anthu, aziyankha makasitomala, azituma amisiri, ngakhalenso kutsegula ndi kutseka zitseko. Azidziwa pamene galimoto yanyamuka, pamene yaima, ndi amene watsika.

"Ali kuti akuluakulu amenewa kuti tikawalonjere?"

"Simungawaone, madala. Ali m'makompyuta, kutali."

A Mwaswera anaganiza pang'ono. "Ife sitiwaona koma iwo akutiona. Sitingawayankhe koma akulamula m'nyumba muno. Bwana, musatizungulire. Amenewa ndi apongozi."

Dzina linamata pompo. Mpaka lero, ngakhale a ku ofesi yolemba anthu ntchito amati, "Apongozi akana."

Sipanatenge nthawi kuti tione ukali wawo. Chipinda cha amayi oyankha mafoni, mmene munkamveka phokoso ngati pamsika, munangotsala mipando yozungulira ija, itayang'ana kukhoma. M'chipinda choyang'anira netiweki, mmene amuna ankalimbirana malo, munatsala anthu awiri ndi ketulo. A Mwaswera anapulumuka chifukwa chimodzi: Apongozi alibe miyendo yokwerera nsanja.

Koma chimene chinawapweteka madalawo si anthu ochotsedwa okha ayi. Apongozi sankayankha moni. M'mawa foni inkangoti ngwii: "Pitani ku nsanja yakuti." Iwo ankavala magalasi n'kulemba ndi chala chimodzi: "Mwaswera bwanji apongozi, ife kuno tadzuka." Yankho linkabwera asanachotse chala: "Pepani, sindinamvetse. Sankhani: Ndanyamuka, Ndafika, Ndamaliza."

"Waona," ankandionetsa foni, "nzeru zilipo, koma sanaleredwe."

Tikaima panjira kuti alonjere mayi wogulitsa nthochi, foni inkalira: "Galimoto yaima pamalo osayenera. Perekani chifukwa." Iwo ankalemba kuti, "Ulemu." Apongozi ankati chifukwa chimenecho sichikupezeka.

Ndiye kunabwera tsiku la m'kanyumba. Pansi pa nsanja iliyonse pamakhala kanyumba kachitsulo kosungiramo mabatire, ndipo maloko ake anali atasinthidwa kuti azitsegulidwa ndi Apongozi okha. Tsiku limenelo dzuwa linali likuswa mtengo. A Mwaswera analowa kukasintha batire limodzi, koma poti mabatire anali ambiri ndipo lililonse linafunika kufunsidwa za moyo wake, nthawi imene anawapatsa inatha. Apongozi anaona kuti ntchito yatha, ndipo chitseko chinangoti khu, loko n'kuti kete!

Ndinakoka, ndinamenya ndi phewa, ndinatukwana. Osatheka. Mkatimo ndinawamva akuimbira ku ofesi, foni ataikweza mawu. Anayankha ndi mawu a mzimayi osalala ngati sopo, a Apongozi omwewo.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndatsekeredwa kuno."

"Ngati mukufuna kugula bandulo, dinani wani."

"Mayi, ndikuphikika ine!"

"Ngati foni yanu yabedwa, dinani thuu."

"Foni ilipo! Wabedwa ndine!"

Ine ndinaimbira bwana wa tayi uja. Anati dikira ndione. Kenako anati, "Pano zikuonetsa kuti m'menemo mulibe munthu."

"Bwana, munthu mukuti mulibeyo ndi uyu wayamba nyimbo za kutchalitchi. Mukumumva?"

"Ndikumumva, koma makina salola kutsegula ngati pamalopo palibe vuto."

"Munthu wophikika si vuto?"

"Vuto la netiweki, ndikutanthauza."

Nyimbo mkatimo inayamba kuchepa mphamvu, ine ndikufunafuna mwala woti ndiswere loko. Madalawo kutentha kutawagonjetsa, anangodzigwetsa pansi, ndipo matako awo anafikira pa swichi ya mabatire. Alamu inalira. Nthawi yomweyo foni yawo inati ngwii: "Vuto lapezeka. Mmisiri amene ali pafupi ndinu. Chitseko chatsegulidwa."

Anatuluka atanyowa ngati agwera m'chitsime, chipewa chili m'manja, n'kuweramira loko. "Zikomo, apongozi. Mwatikumbukira."

Kutha kwa mwezi anapatsidwa satifiketi, chifukwa chiyambire kampani palibe mmisiri amene anafika pavuto mwachangu ngati iwo.

Madzulo a tsiku lotsekeredwalo ndinawaperekeza mpaka pakhomo. Mayi a kunyumba, telala wodziwika mumsewu mwawo, anali pakhonde akupalasa makina osokera. A Mwaswera anawalonjera kaye, kenako anati, "Mayi a ana, ine ntchito ndasiya."

Makina sanaime n'komwe. "Mwasiya? Penshoni yatsala pang'ono, chitsirizira wanu ali ku koleji, inu mukuti mwasiya chifukwa chitseko chakuchitani mwano?"

"Ndili m'khola, mayi."

"Khola lomwelo ndi limene likutidyetsa. Kasambeni, mawa mudzuke."

Anadzukadi. Ankadzuka tsiku lililonse, mpaka mawondo anawakana, adokotala n'kuwaletsa kukwera. Kampani inaona kuti kuchotsa munthu woti watsala pang'ono kupuma n'kudziputira milandu, ndiye inawapezera ntchito ina. Panali lamulo loti pa nkhani zikuluzikulu Apongozi asamachite okha, pazikhala munthu wovomereza. Anawaika m'kachipinda ka magalasi okhaokha pakati pa ofesi, muli tebulo, mpando, ndi kompyuta yoonetsa mabatani awiri: Eya ndi Ayi.

"Ndinanena ine tsiku lija!" anakuwa. "Inu munkandiseka!"

Munthu amene anazolowera mphepo ya pamwamba pa nsanja tsopano ankakhala m'botolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, atavala juzi ya akazi awo chifukwa cha makina oziziritsa mpweya. Chitseko chinkatseguka ndi khadi, ndipo akachedwa kuchimbudzi Apongozi ankafunsa chifukwa. Magalasiwo sankatulutsa mawu. Tikamadutsa tinkangoona pakamwa pakuyenda ngati nsomba, ife n'kudziwa kuti tikufunsidwa mmene taswerera. Ofesi yonse inaphunzira kuyankha ndi milomo yokha. Ngakhale sekilitale wa bwana, mayi wosaseka uja, ankaima n'kuwafotokozera ndi manja kuti mwana wachira, koma amuna ake ndi amene ayamba kudwaladwala.

Tsiku lina, pofuna kungoona, a Mwaswera anadina Ayi. Apongozi anafunsa chifukwa. Iwo analemba mpaka chala kuuma, kuyambira ndi moni, n'kudutsira ku mbiri ya kampani. Yankho linati: "Zikomo chifukwa cha maganizo anu. Dinani Eya kuti tipitirize."

Tinaseka sabata yathunthu. Koma nkhani yotsatira sinali yoseketsa kwenikweni.

Masana ena ndinawaona akumenya galasi ndi chikhatho, akundikodola. Ndinabwereka khadi n'kulowa. Sanandipatse moni, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

"Akuti ndiphe munthu," anatero, akuloza kompyuta.

Inali nsanja ina ya kutali, kumene tala amathera, imene iwo anathandiza kuimika ali mnyamata. Apongozi anali atapeza kuti imamwa mafuta ambiri koma anthu akumeneko saimba mokwanira, ndiye izimitsidwe.

"Kuli kachipatala kumene kuja," anatero. "Mzimayi zikamuvuta pobereka, anamwino amaima pachulu paja n'kuitana ambulansi. Ukukumbukira?"

Ndinkakumbukira.

Anadina Ayi. Funso linabweranso. Ayi. Linabweranso. Anatha tsiku lonse akudina, mawa lakenso chimodzimodzi, mpaka chala chinatupa n'kuyamba kudina ndi cholembera. Anthu ankazemba ntchito kubwera kudzaonerera pagalasi ngati mpira. Ena ankati Apongozi atopa, ena ankati madala ndi amene ayambe kugwa.

Pamapeto pake bwana wa tayi analowa yekha. Ine ndinali pakhomo, chitseko ndinachigwira ndi phazi.

"Mwaswera bwanji, bwana?"

"Sindinaswere bwino, madala, ndipo ndi chifukwa cha inu."

"Munandiika pano kuti ndiziyankha. Ndayankha."

"Tinakuikani kuti muzivomereza."

"Nanga batani la Ayi munaliikiranji?"

Bwana anamasula tayi ija pang'ono, n'kukhala pakona pa tebulo. Atayankhula, mawu anali otsika, osati a pamsonkhano aja. "Madala, nanenso ndili ndi wondifunsa chifukwa. Ndikapanda kudina, mawa mpando wanga uyang'ana kukhoma. Ana anga ndi aang'ono."

A Mwaswera anabwezera mpando wawo m'mbuyo kuti bwanayo adutse, manja awo atawabisa m'khwapa. Bwana anawerama n'kudina yekha.

Wotumidwa kukanyamula jenereta ya kumeneko ndinali ine. Madalawo anapempha kuti apite nawo, Apongozi anati si ntchito yawo. Pobwerako ndinawapeza akundidikira pageti.

"Anamwino aja anati chiyani?"

"Anangoti ndikupatseni moni."

Anagwedeza mutu n'kumapita kokwerera basi.

Kuchokera pamenepo anayamba kufota. Anasiya kulonjera zitseko. Kompyuta ankangoiyatsa ngati munthu wamba. Ife anthu ankatifunsabe, koma mwachidule, osafikanso kwa azakhali ndi mbuzi. Eya ankadina osawerenga. Anamwalira Lamlungu lina masana, ali pampando pakhonde, wailesi ikuyimba, penshoni itangotsala miyezi yochepa.

Lolemba m'mawa nyumba itadzaza ndi olira, foni yawo inati ngwii pamwamba pa kabati. Mayi a kunyumba anaitenga, maso ali ofiira, n'kuwerenga mokweza: "Simunafike ku ntchito. Perekani chifukwa."

Anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, n'kulemba: "Apuma."

Ngwii. "Tchuthi chanu sichinavomerezedwe."

Mayi wina pakona anaphulika kuseka pakati pa kulira, ena n'kutsatira, mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Mayi a kunyumba analembanso: "Bwerani mudzawadzutse nokha."

"Pepani, sindinamvetse."

"Ifenso sitinamvetse, apongozi," anatero mayiwo, n'kuzimitsa foni.

Kachipinda ka magalasi sikanalowenso munthu. Akuluakulu anapeza njira yoti Apongozi azidzivomereza okha, ndipo m'menemo tsopano mumasungidwa mipando yothyoka. Netiweki ikuyenda bwino, zimenezo sindinganame. Otsalafe timafika m'mawa, khadi imati tii, aliyense maso pa foni kuti aone kumene watumidwa. Munthu ukhoza kuswera muno tsiku lathunthu osatsegula pakamwa, kupatula poyasamula.

Sabata yatha ndinakumana ndi sekilitale uja pamasitepe. Ndinaona kuti wawonda, diresi likungolendewera. Ndinamufunsa ngati akudwala.

"Ayi," anatero. "Bambo a kunyumba anatisiya. Watha mwezi tsopano."

Mwezi wathunthu mayi ameneyu wakhala akulowa pakhomo lomwelo ndi ife, akumwa tiyi wa m'ketulo yomweyo.

"Bwanji simunanene, mayi?"

Anakweza mapewa, n'kupitiriza kukwera masitepe.

"Ndikanauza ndani? Palibe anandifunsa."